Madzi Obisika a m'Chigwa cha Nyanja: Kabuku ka Eni Mabanja

Munthu wobadwira m'mphepete mwa nyanja, amene chiyambire ubwana wake amadzuka ndi mkokomo wa mafunde m'makutu, naona madzi atatambalala kufikira kumene akumana ndi thambo, savomera msanga kuti mudzi wake ungasowe madzi akumwa. Komatu aliyense woyenda m'midzi ya ku Salima, Nkhotakota, Mangochi ndi Karonga, kapena wotsikira kuchigwa cha Shire, waonako amayi akulambalala mjigo wabwinobwino uli chiimire pakati pa mudzi, ndowa zili kumutu, ulendo wa kumtsinje kumene kuli ng'ona ndi likodzo, ndipo ukawafunsa mwaulemu chifukwa chake, yankho silitalika: "Madzi ake ngamchere," kapena, "Amadetsa nsima." Kabuku kano kalembedwa chifukwa cha mayankho amenewo, kuti inu abambo ndi amayi mudziwe kumene madzi a pachitsime ndi a pamjigo amachokera, ndi kutinso muzitha kusiyanitsa zilema zake ziwiri: chilema chimene madzi amatengera kumwala ndi kudothi, ndi chilema chimene timawapatsa ndife anthu. Pakuti mankhwala a chimodzi sachiza chinzake, ndipo mabanja ambiri atha nkhuni kuwiritsa madzi amene moto sungawakonze, kwinaku akumwa aawisi madzi amene moto ukadawayeretsa.

Chigwa chimene tikhalamo

Amene anatsikapo mtsetse wa ku Golomoti pochokera ku Dedza, kapena wa ku Chiweta, kapena uja wolowera ku Chikwawa, anaona ndi maso ake chimene akatswiri a miyala amafotokoza m'mabuku: kuti kalekale dziko lino linang'ambika, chigawo chapakati n'kutitimira, m'mbali mwake n'kutsala mapiri ataima ngati makoma. Mng'alu umenewu ndi mbali ya chigwa chachikulu chodutsa kum'mawa kwa Africa, ndipo nyanja yathu yagona m'menemo, kutalika kwake kuposa makilomita 550, kuya kwake pozama penipeni pafupifupi mamita 700. Ntchito yong'ambayo sinathe ayi, monga a ku Salima anamvera pa chivomezi cha mu Malichi 1989, ndi a ku Karonga pa zivomezi za mu Disembala 2009.

Kumtunda kwa mapiriwo nthaka yakhala pa thanthwe lakale lolimba, limene pamwamba pake pafumbwa ndi mvula ya zaka zosawerengeka, ndipo madzi amakhala m'mwala wofumbwawo ndi m'ming'alu ya thanthwe, ochepa ndithu, koma okwanira mjigo wa mudzi. Kuchigwa kuno nkhani ndi ina. Mitsinje ya Linthipe, Bua, Dwangwa, North Rukuru ndi inzake, potsika m'mapiri ndi liwiro, yakhala ikukokolola mchenga, nsangalabwi ndi matope, ndipo pofika pachidikha, mphamvu zitaithera, imatula katundu wakeyo, chaka china mchenga, chaka china dongo. Mtsinje n'kusiya njira yake yakale n'kutsegula ina, nyanja nayonso nthawi zina kukwera kudzayala matope ake kumtunda, nthawi zina kubwerera kutali, monga inatsikira cha m'ma 1915 mpaka Shire analeka kutuluka kwa zaka pafupifupi 20. Chotero pansi pa mapazi athu pali miyalo yosanjikizana mosalongosoka, pena yochindikala, pena yopyapyala, pena yongothera panjira. Mchenga ndi nsangalabwi zimasunga madzi ndi kuwapereka mowolowa manja. Dongo ndi makande zimamwa madzi n'kuwaumira. Apa ndipo pagona chinsinsi chimene chadanitsa midzi yambiri, pamene mijigo iwiri yoyandikana, yoti woima pa wina n'kuitana mnzake ali pa winawo, wina ukhala wa madzi ochuluka ndi okoma, unzake wophwa msanga kapena wamchere. Pasatchulidwe ufiti pamenepo. Wina wagwera pa khwawa lakale lamchenga limene linakwiririka makolo athu asanafike kuno, ndipo madzi saiwala khwawa. Winawo wagwera pa dongo.

Munthu asaganize kuti pansipo pali mitsinje yoyenda m'mapanga. Taonani mwana akamafukula kadzenje pamchenga wa pagombe, m'mene madzi amanyenyera m'mbali mwake pang'onopang'ono kufikira atadzaza. Momwemonso ndi m'mene amalowera m'chitsime. Onsewo ndi mvula imene inalowa m'nthaka, ina chaka chatha, ina agogo athu asanabadwe, ndipo amakwawa mwakachetechete kuchokera kumapiri kulinga kunyanja. Mulingo wawo umakwera m'dzinja, nutsika m'chilimwe, nufika pansi penipeni cha mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe. Chifukwa chake wofuna kukumba chitsime adikire miyezi imeneyo, ngakhale dzuwa likuswa mtengo ndipo dothi lauma gwa, ndipo akapeza madzi asalekere pomwepo, koma atsikebe m'munsi mwake monga angathere, akumanga njerwa kapena kuika mphete za simenti kuti mchenga usamugumukire. Chitsime chokumba m'masika chimanyenga mwini wake, pakuti kuya kwa chitsime kumadziwika chikaphwa.

Chilema cha mchere

Kumadoko a nyanja yamchere, monga ku Beira ndi ku Quelimane, madzi okoma amayandama pamwamba pa madzi a m'nyanja amene alowerera pansi pa mchenga, kotero kuti wokumba mozama kapena wopopa mopambanitsa amadzikokera yekha mchere m'chitsime. Ife nyanja yathu njamadzi okoma, ndipo mchere wathu uli ndi magwero ena. Kumene dziko lili lathyathyathya, lotentha, ndi madzi a pansi ali pafupi, dzuwa limakoka madziwo kupyola m'dothi, mchere umene anasungunula m'miyala n'kutsalira. Zikatero zaka mazanamazana, dothi limadzala mchere, monga poto amene mumaphikiramo madzi osamutsuka amachita zoyera pansi pake. Nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotuluka, imene inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndiyo chitsanzo choonekera poyera, ndipo mijigo yambiri ya m'mbali mwake njamchere. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa, Nchalo ndi Ngabu, kulinso miyala yakale imene ili ndi mchere m'kati mwake, ndi ming'alu imene madzi owawa a pansi kwambiri amakwerera. N'chifukwa chake anthu akumeneko anadziwa kale luso losefa dothi ndi kuphika mchere.

Tsono mverani bwino, pakuti apa ambiri amasokera. Mchere suchoka powiritsa. Kuwiritsa kumangouwonjezera, popeza chimene chimathawa ndi nthunzi ndi madzi, mchere n'kutsala. Klorini sauchotsa, nsalu siusefa, ndipo njere za chammwamba, zimene zikasinjidwa zimathandizadi kudikhitsa matope, pa mchere zilibe mphamvu. Ana a Israyeli atafika pa Mara napeza madzi owawa, Mose anaonetsedwa mtengo woponyamo; mtengo wotero m'nkhalango zathu sitinaupeze. Chimene banja lingachite ndicho kugawa ntchito za madzi: amcherewo akhale ochapira, ozira ndi oumbira njerwa, koma akumwa atungidwe kwina, makamaka a makanda ndi a odwala matenda othamanga magazi, ndipo m'dzinja mukolole mvula ya padenga la malata, mutalola yoyamba itsuke fumbi ndi zitosi. Musathirire dimba ndi madzi amchere chaka ndi chaka, kuopa kupha nthaka imene ikudyetsani. Ndipo pokumba mjigo wina, musaumirize okumba kuti atsike kwambiri poyesa kuti kuya ndiko kukoma, pakuti m'malo ena madzi okoma ndi apamwambawo, kapena a pafupi ndi mtsinje, ndipo kubowola mopitirira kumangotsegulira owawa njira.

Dzimbiri, ndi mdani wosalawika

Za madzi ofiira sindichulutsa mawu. Akatuluka pamjigo ali mbee, koma atakhala m'ndowa n'kufiira, nadetsa nsima ndi mpunga, nasandutsa tiyi wakuda, nathimbiriritsa malaya oyera, ndiye kuti muli chitsulo chosungunuka. Ngati zofiirazo zimachuluka m'ndowa zoyamba za m'mawa kenaka n'kutha, kawirikawiri vuto ndi zitsulo za mjigo zimene zikudyeka, ndipo makaniko wa m'dera angathe kuzisintha. Ngati sizitha tsiku lonse, zikuchokera m'nthaka. Madzi otere sakondweretsa maso, koma chitsulo chake si chimene chimapha munthu. Atsanulireni kangapo kuchoka m'ndowa ina kupita m'inzake kuti apume mphepo, agone usiku, m'mawa mutsanule apamwamba mosamala. Choipa chachikulu cha dzimbiri n'chakuti limabweza amayi kumtsinje, kumene kuli zoopsa zenizeni.

Koma pali chilema china cha kumwala chimene chilibe mtundu, fungo kapena kakomedwe, ndipo pa chimenechi ndipempha kuti tikhalepo pang'ono. Dzina lake ndi fuloraidi. Ndi mchere wa mtundu wina wopezeka m'miyala ina, umene umasungunuka kwambiri m'madzi otentha okwera m'ming'alu ya chigwa chino, onga akasupe a Mawira ku Nkhotakota ndi a ku Chiweta. Ndipo wapezeka wochuluka m'mijigo ina ya ku Karonga, Mangochi, Machinga, Balaka, Chikwawa ndi Nsanje, ngakhalenso kumtunda ku Nathenje. Wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amaikidwa m'mankhwala otsukira m'kamwa. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi, ndipo akapitirira pamenepo amayamba kuononga. Mboni yake ndi mano a ana. Mukaona kuti ana ambiri obadwira m'mudzi, a mabanja osiyana, ali ndi mano a mawanga oyera ngati choko, kapena ofiirira ngati opserera, pamene mkamwini kapena mtengwa wochokera kutali ali ndi mano oyera ngakhale wamwa madzi omwewo zaka zambiri, musanyoze anawo kuti satsuka m'kamwa, pakuti mswachi sungachotse banga limene linalowa dzino likadali m'kati mwa nkhama. Kuonongekako kumachitika kuyambira ukhanda kufikira zaka ngati 8, ndipo sikubwerera. Ndipo kumene fuloraidi wachuluka kopambana, akulu omwe amadzamva kuuma kwa msana ndi mfundo m'kupita kwa zaka. Fuloraidi nayenso, monga mchere, sachoka ndi moto kapena klorini. Chofunika ndi kukauza alangizi a zamadzi ku ofesi ya boma kuti madzi a mijigo yonse ya m'deralo akapimidwe, popeza nthawi zambiri umapezeka wina wapafupi umene uli bwino. Ndipo umenewo, ngakhale utalikire, ukhale wa madzi akumwa ndi ophikira phala la ana. Mtunda umene mayi ayenda zaka zowerengekazo ndi umene udzapatse mwana wake mano oseka nawo pagulu moyo wake wonse.

Chilema chimene timadzipangira

Mchenga womwewo umene umatipatsa madzi mowolowa manja ndiwonso umalandira zonyansa zathu mosakana. M'dongo, zotuluka m'chimbudzi zimayenda pang'ono n'kutsekeka. Mumchenga wa m'mphepete mwa nyanja, kumene m'dzinja madzi a pansi amafika pafupi, dzenje la chimbudzi ndi chitsime zimatha kumwera m'mbale imodzi eni ake osadziwa, madzi ali mbee, okoma, ozizira bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe Ana atangosefukiza midzi, nafalikira dziko lonse kufikira mu 2023, nagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, analira maliro ambiri. Chilamulo cha Mose chomwe chinalamula kuti malo odzithandizira akhale kunja kwa msasa, ndi kuti munthu akumbe ndi kufotsera. Ife amene tili ndi masukulu ndi zipatala, n'zamanyazi kuti pamadoko ena a asodzi, pamene pamasonkhana anthu mazana nyengo ya usipa, thengo ndi nyanja ndizo chimbudzi.

Muyeso wake ndi uwu. Chimbudzi, khola, dzala ndi manda zitalikire chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30, ndipo pamchenga wokhawokha kuposa pamenepo. Zikhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda kwake, pakuti madzi a pansi amatsata kutsetsereka kwa dziko. Pansi pa dzenje la chimbudzi pakhale mita ndi theka pamwamba pa pamene madzi amafika m'dzinja, osati m'chilimwe. Kumene madzi ali pafupi kwambiri kotero kuti muyeso umenewu sutheka, kumbani dzenje losaya, mulimange ndi njerwa, mukweze chimbudzicho pa chiunda cha dothi. Kukwera masitepe awiri kapena atatu si chilango. Madzi osefukira akamiza chitsime kapena mjigo, monga zinachitikira pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndi pamene nyanja inakwera kulowa m'makomo a ku Mangochi mu 2024, muwayese madziwo odetsedwa ngakhale aoneke oyera, kufikira alangizi a zaumoyo atathiramo mankhwala.

Pokumba ndi posamala mjigo

Isake pokumba zitsime m'chigwa cha Gerari anakangana ndi abusa akumeneko pa chitsime choyamba ndi chachiwiri, napeza mtendere pa chachitatu. Mikangano ya pamadzi njakale chomwecho. Ndipepese kwa mafumu athu, amene ulemu wawo sindiuchepetsa, ndi kwa akuluakulu ofuna mavoti, koma mjigo suyenera kukumbidwa pakhomo la munthu chifukwa cha udindo wake, kapena pamene galimoto lobowola lafika mosavuta. Ukumbidwe pamene wopima nthaka walozera, mutayamba mwalawa ndi kufunsa za mijigo yoyandikana nayo. Lamulo la zamadzi la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo wobowola aliyense ayenera kukhala ndi chilolezo. Mudzi uli ndi ufulu wofunsa chikalatacho, ngakhale mjigowo ukhale mphatso, pakuti safunsa anadya phula. A komiti ya mjigo akhalepo tsiku lobowola, aone kuti m'mbali mwa paipi mwathiridwa timiyala tosefa mchenga, ndi kuti kumtunda kwake kwatsekedwa ndi simenti kuti madzi a pamwamba asatsikire m'dzenje. Ndipo okumba asanachoke, alembe m'kaundula wa komiti kuya kwa mjigo, pamene anapeza madzi, kuchuluka kwake atapopa nthawi yaitali, ndi zotsatira za kupima. Pepala limenelo lidzathandiza ana anu pamene onse amene analipo tsikulo adzakhala atagona.

Mjigo wa Afridev umene uli m'midzi yambiri, umene makolo ake anayesedwa kuno kwathu m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, unapangidwa dala kuti eni mudzi azitha kusolola ndodo zake ndi kusintha timalabala popanda makina, ndipo umakoka madzi kufikira mamita ngati 45. Boma limawerengera mjigo umodzi anthu 250. Ukamatumikira midzi itatu, musadabwe ukamathyoka kawirikawiri. Mukaona kuti m'mawa mumapopa nthawi yaitali madzi asanatuluke, kapena chogwirira chayamba kugwedera cham'mbali, itanani makaniko sabata yomweyo, ndalama ya kalabala isanasanduke ndalama ya mapaipi. Simenti ya pamjigo ikang'aluka imatidwe, ngalande isatsekeke, mpanda uletse ng'ombe ndi nkhumba, ndipo zochapa zichapidwe patali. Amene mwaika mapampu a dzuwa othirira mbewu, kumbukirani kuti mukutunga m'nkhokwe imodzi ndi anansi anu.

Kuchoka pamjigo kufika pakamwa

Madzi ambiri amatuluka pansi ali abwino, nadetsedwa panjira: ndi ndowa yosatsuka, ndi masamba oponya pamwamba kuti asatayike, ndi zala zogwira m'mphepete posenza, ndi chikho chimodzi chimene aliyense amamwera n'kuchibwezanso mumtsuko. Tungirani m'chigubu cha kukamwa kochepa kapena m'ndowa yovundikira, ndipo pamtsuko pakhale makapu awiri, yotungira ndi yomwera. Apa tsono ndi pamene moto ndi klorini zili ndi ntchito, popeza tizilombo ta kolera, kamwazi ndi kutsegula m'mimba timafa nazo. Wiritsani kufikira madzi atabwadamuka, kapena thirani WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, motsata muyeso umene akuuzani kapena wolembedwa pabotolo, mudikire mphindi 30 musanamwe. Akakhala amatope, ayambe adikha ndi kusefedwa pansalu yoyera. A pachitsime chosavundikira, a kumtsinje ndi a m'nyanja azitetezedwa chotero masiku onse, ndipo m'dzinja ngakhale a pamjigo omwe.

Pempho langa kwa inu amene mwawerenga kufikira pano ndi laling'ono. Mvula ya chaka chino isanagwe, imani pakhomo la chimbudzi chanu, muyende molunjika kuchitsime kapena kumjigo mukuwerenga mapazi. Mamita 30 ndi mapazi ngati 40 a munthu wamkulu. Akapanda kukwana, kapena mukaona kuti poyendapo mukutsetsereka, kambiranani ndi a mfumu ndi alangizi a zaumoyo za malo ena, mukumbe dzenje latsopano dothi likadali louma, ndipo lakalelo mulifotsere.